Achemwali, vuto la pulogalamu ya zithunzi ija nali

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu uja ndaumva. Mwati pulogalamu yokonzera zithunzi ija ikumayamba yafunsa kaye Yes kapena No mukamaitsegula, komanso mukakoka chithunzi mu foda kuti mukachiponye m'pulogalamumo chikumakana. Mtima m'malo, kompyuta sinawonongeke ayi. Pali wina amene anaiuza pulogalamuyo kuti izitseguka ngati administrator, kunena kuti ngati mwini wake wa makinawo. Ndiye Windows salola kuti File Explorer, pulogalamu yoonetsa mafoda yomwe imayenda ndi mphamvu wamba, iziponya zinthu m'pulogalamu yokwezedwa chonchi. Chithunzi chikukanira pamenepo.

Khalani pakompyutapo tichitire limodzi. Tsekani kaye pulogalamuyo. Pa desktop, lozani icon yake, mudine batani lakumanja la mausi. Lakumanja, achemwali, osati lija mumadina masiku onse. Pamndandanda womwe utulukewo, pansi penipeni, sankhani Properties. Pamwamba pali timitu tingapo, dinani pa Compatibility. Muona kabokosi kolembedwa kuti Run this program as an administrator. Ngati n'kochongedwa, dinanipo kakhale kopanda kanthu, kenako Apply, kenako OK. Kakakhala kotuwa, kosadinika, pitani pansi pomwe alemba Change settings for all users, mukachotsere mmenemo.

Koma musanyamuke kaye, pali malo achiwiri. Amenewa ine anandidyera theka la tsiku pakompyuta ya kasitomala wina, ndikungozungulira, thukuta kamukamu. Bwererani ku Properties komweko, ulendo uno mudine pa Shortcut, kenako batani la Advanced. Mmenemonso muli kabokosi ka Run as administrator. Kochongedwa? Chotsani. OK, OK. Tsegulani pulogalamu ija, mukokenso chithunzi muone.

Tsono chimene ndikukupemphani n'chakuti musamvere amene angakuuzeni kuti ingozimitsani funso lija basi. Funsolo amati User Account Control, linabwera ndi Windows Vista mu 2007, ndipo anthu analidandaula kwambiri chifukwa linkafunsa pafupipafupi. Pali kokokera kena komwe mukakatsitsa mpaka pa Never notify, funsolo silibweranso. Inde phokoso limatha, koma mwachotsa mlonda pageti. Inu shopu yanuyo tsiku lililonse mumalowetsa mafulashi a anthu obwera kudzapulinta ma CV ndi makalata, simudziwa kuti fulashiyo yagona mukompyuta ya ndani. Sikirini ikachita kamdima n'kufunsa chilolezo inu musanatsegule chilichonse, yankho ndi No.

China, mnyamata amene amakuthandizani uja asamagwiritse akaunti yanu. Ngati ali ndi yakeyake, pitani ku Settings, Accounts. Pa Windows 10 pamalembedwa Family & other users, pa Windows 11 ndi Other users. Dinani dzina lake, Change account type, musankhe Standard User. Azitha kutaipa, kupulinta, kusikana, zonsezo bwinobwino, koma akafuna kuikamo magemu kapena mapulogalamu ofuna mphamvu za administrator, kompyuta izifunsa pasiwedi yanu. Yanuyo isiyeni ili ya Administrator, pamafunika ikhalepo imodzi yotero. Ndipo pasiwediyo musamate pakapepala kumbali kwa monita ngati muja munachitira ulendo uja, ndinaona.

Mukachotsa malo onse awiri koma kachishango kabuluu ndi chikasu, kosonyeza kuti pulogalamu ikufuna mphamvu za administrator, kakuoneka pa icon ndipo ikufunsabe, ndiye kuti opanga pulogalamuyo anaipanga kuti izifuna mphamvuzo, kabokosi sikangasinthe zimenezo. Zikatero mujambule sikiriniyo ndi foni munditumizire pa WhatsApp pompano, ndiona ndikatsika minibasi. Moni kwa alamu ndi ana.