Timizere tozungulira pa penti ya galimoto: polishi iti, makina ati?

[Kamera pafupi ndi boneti ya galimoto yakuda, dzuwa lili paliwombo.]

Tayang'anani apa pomwe dzuwa likuthwanima. Mukuona timizere tangati ukonde wa kangaude? Galimotoyi yangotsukidwa kumene, koma penti ikuoneka yothimbirira. Timizereti tabwera ndi chidebe chimodzi, sanza imodzi yomwe yatsuka matayala kenaka n'kukwera pa boneti, komanso chizolowezi chopukuta fumbi la mu Okutobala ndi nsalu youma.

Musanagule botolo lililonse, dziwani chimene polishi imachita. Siidzaza mizere ayi. Imasenga penti yozungulira mzerewo mpaka pamwamba ponse pafanane.

[Chojambula: zigawo za penti.]

Penti ya ku fakitale ili ndi zigawo: pansi pali primer, pakati mtundu, pamwamba clear coat, chikuto chowala chopanda mtundu. Zonse pamodzi zimakhala ma micron pafupifupi 100 mpaka 150 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi), kungoposako pang'ono pepala losindikizira. Clear coat payokha ndi ma micron 35 mpaka 50 basi. Timizere tathu tili m'menemo, ndipo zomwe mwasenga sizimeranso. Ndiye lamulo lathu ndi ili: yambani ndi polishi komanso padi (chopolishira chomwe chimamatidwa ku makina) zofewetsetsa, mukwere pokhapokha zikakanika.

Yendetsani chikhadabo pa mzere. Chikakodwa, mzerewo ndi wakuya, wa penti yopopera osati wa polishi. Mungaufewetse m'mbali kuti usamaoneke kwambiri, koma mukaulondola mpaka uthe, muboola.

[Makina atatu pa tebulo.]

Tiyambe ndi awa kuti tiwachotsepo msanga. Grinder yodulira zitsulo imazungulira ka 10,000 kapena kuposa pa mphindi. Anthu amaimangirira padi ya ubweya n'kuyesa mwayi. Musayerekeze. Penti imapsa musanaphethire.

Achiwiriwa ndi rotary. Padi imangozungulira pamalo amodzi, kuyambira pafupifupi ka 600 mpaka 3,000 pa mphindi. Amasenga msanga, n'chifukwa chake opopera magalimoto amawakonda. Vuto lake ndi kutentha. Mukaima pamodzi masekondi angapo, makamaka m'mphepete mwa chitseko pomwe penti ndi yopyapyala, mupeza mtundu wayamba kutuluka pa padi. Ndipo m'manja mosazolowera, rotary imasiya mizere yakeyake yonga utawaleza, yomwe imavina mukamayenda mozungulira galimoto padzuwa.

Achitatu ndi dual action, ambiri amangoti DA. Awa amazungulira kwinaku akugwedera, choncho kutentha sikuunjikana pamalo amodzi. Mukapanikiza mopyola kapena mukapendeketsa, padi imaleka kuzungulira m'malo mowotcha. Kwa munthu woyamba, komanso pa timizere ta kutsuka, gulani awa.

Pa bokosi la DA muona nambala: 8 mm, 15 mm kapena 21 mm. Ndi kukula kwa kagwederedwe. Ya 8 mm ndi yofatsa, imachedwa koma imalowa m'makona. Ya 21 mm, monga Rupes LHR21, imathamanga pa denga ndi pa boneti yotakata, koma pa malo okhota imangoima. Magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan odzaza m'misewu yathu, a Vitz, Sienta ndi Passo, ndi okhotakhota thupi lonse. Pamenepo 15 mm yokhala ndi mbale yomatapo padi ya 125 mm ndiye imagwira bwino. Ngati mukuitanitsa kunja, werengani mphamvu ya magetsi. Makina ogulitsidwa ku America amakhala a 120V, pomwe kuno ndi 230V. Mukalumikiza, utsi.

[Mapadi atatu m'manja, wowonetsa akuwafinya limodzilimodzi.]

Padi ndi theka la ntchito. Ya siponji yolimba imasenga, yapakatikati imapolisha, yofewa imamalizitsa. Ya microfiber imasenga kuposa siponji pa DA, koma pa penti yofewa imasiya kachifunga. Ya ubweya isiyireni a rotary. Musadalire mtundu, chifukwa yachikasu ya kampani ina ndi yosenga pomwe ya kampani ina ndi yomalizitsa. Ifinyeni ndi chala, werengani chikalata chake. Ndipo padi imodzi siimaliza galimoto. Khalani ndi atatu kapena anayi a mtundu womwe mukugwiritsa ntchito kwambiri.

Tsopano mabotolo. Compound ili ndi timchenga tokhakhala, polishi ili ndi tosalala. Kwa kampani ya Meguiar's, M105 ndi compound, M205 ndi yomalizitsa. Kwa kampani ya Menzerna, nambala ikachepa ndiye kuti njokhakhala: 400 njosenga, 2500 njapakati, 3800 njomalizitsa. Farécla G3, yomwe mumaiona m'magalaja opopera, ndi compound yochotsera zokanda za sandpaper pa penti yatsopano. Pa timizere ta kutsuka imeneyo ndi nkhwangwa pomwe pamafunika lumo.

Chenjerani ndi glaze komanso sera zolembedwa kuti zimachotsa mizere. Zambiri zimangothira mafuta m'timizeremo. Galimoto iwala sabata ziwiri, ikatsukidwa kangapo kangaude uja wabwerera.

Kuuma kwa penti nakonso kumalamula. Kawirikawiri ya Toyota, Honda ndi Subaru imakhala yofewa, pomwe ya Mercedes-Benz, Audi ndi Volkswagen imakhala yolimba. Choncho M205 pa padi yapakatikati itha kumaliza nkhani pa Honda Fit, koma osasuntha kanthu pa Volkswagen Golf. Komabe galimoto yomwe idapoperedwapo simungaiweruze ndi dzina. N'chifukwa chake timayamba tayesa.

[Tepi ikumatidwa pa boneti.]

Tsukani, yendetsani clay bar (dongo lapadera loyeretsera penti) ndi madzi a sopo kuti ichotse tizinthu tokakamira, umitsani. Kamchenga kamodzi kakalowa pa padi, makina akazunguliza boneti yonse. Matani tepi pa malabala ndi mapulasitiki akuda, apo ayi polishi iwasiyira zoyera zovuta kuchotsa. Gwirirani ntchito pamthunzi, chitsulo chikuzizira mukachikhudza.

Dulani ndi tepi malo a 40 cm mbali zonse. Padi yatsopano ipakeni polishi pang'ono ponseponse ndi chala, kenaka madontho anayi aakulu ngati nandolo. Dindani padi pamalo angapo makina ali chizimire. Yatsani padi ili pa penti, osati m'mwamba, pokhapokha ngati mukufuna kupolisha malaya anu. Liwiro la makina likhale pa nambala 1 kapena 2 pofalitsa, kenaka 4 kapena 5.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: manja amathamanga. Yendani masentimita awiri kapena atatu pa sekondi. Mzere uliwonse uphimbe theka la wam'mbuyo, kumanzere kumanja, kenaka m'mwamba m'munsi, maulendo anayi. Padi ikhale chathyathyathya. Lembani kamzere ndi cholembera cha maka kumbuyo kwa mbale. Kakaleka kuzungulira n'kumangonjenjemera pamodzi, mwapanikiza kwambiri ndipo simukusenga kanthu.

Pukutani ndi nsalu ya microfiber, kenaka waziranipo isopropyl alcohol yosungunula, gawo limodzi ku magawo anayi a madzi, kuti mafuta a polishi asakunamizeni. Walitsani tochi.

[Tepi ikuchotsedwa. Mbali ina timizere, mbali ina mbee.]

Ngati zatha chonchi, mwapeza zanu, pitirizani galimoto yonse. Zikatsala, sinthani chinthu chimodzi chokha: padi yolimbirapo ndi polishi yomweyo. Zikakanikabe, ndiye compound, ndipo pambuyo pake mubwerezenso ndi polishi kuti kachifunga kachoke. Ife tikachotsa zambiri n'kutsala mizere iwiri itatu yakuya, timaisiya. Clear coat yotsalayo ndi yomwe ikuteteza mtundu ku dzuwa, ndipo ikapyapyala mopyola imayamba kusupuka.

Padi ikatenga mtundu wa galimoto musanafike patali, pali ziwiri. Ngati zikuchitika paliponse, pentiyo ilibe clear coat, monga zimakhalira ndi magalimoto ena akale oyera kapena ofiira, ndipo palibe choopsa. Ngati ndi pamalo amodzi okha, zimitsani, mwaboola.

Polishi ikamauma msanga n'kumachita fumbi, chitsulo chatentha kapena padi yadzaza. Mukamaliza chigawo chilichonse, pesani padi ndi burashi. Bampala ndi ya pulasitiki, siitaya kutentha ngati chitsulo, choncho tsitsani liwiro ndipo muziikhudza ndi kuseri kwa dzanja pafupipafupi.

Mukatha, pentiyo ilibe choiteteza, ipakeni sera kapena sealant (mankhwala oteteza penti) tsiku lomwelo. Potsuka ulendo wotsatira, zidebe zikhale ziwiri, china cha sopo, china chotsukuluzira nsalu, ndipo matayala akhale ndi nsalu yawoyawo.