Chisomo amve yekha za masamu aja

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Kope la Chisomo lija ndaliona pa WhatsApp, ndipo mtima sunakhale m'malo. Mpatseni foniyo amve yekha, koma inu musachoke.

Iwe Chisomo, yankho limeneli wakuuza ndani? Funso likuti mayi wapikula usipa ku Senga Bay pa K40,000, walipira thiransipoti K5,000, wakagulitsa pa Kamuzu Road K54,000. Iwe walemba kuti phindu ndi K14,000. Nanga galimoto yamunyamula ulere? Mpamba wonse umene watuluka m'thumba mwake ndi K45,000. Uchotse pa 54,000, itsala K9,000, phindu ndi limenelo. Tsono pa peresenti ndi pamene wasokoneza kwambiri. Ugawe 9,000 ndi 45,000, osati ndi 54,000 ayi, kenako uchulukitse ndi 100. Upeza 20. Phindu timaliyeza ndi ndalama imene munthu anayamba nayo.

Usipa umenewo ndikuulakalaka, achemwali. Kuno ku Johannesburg amabwera nawo anzathu a pa basi, kapepala kochepa mtengo wake ungalire, ndipo wouma gwa, wosiyana ndi wofutsa uja munkatiphikira ndi mpunga wa ku Lifuwu. Kodi alamu anakonza bwato lija, kapena likadali pamchenga?

Eya, bwatolo landikumbutsa funso lachiwiri, la demand ndi supply, kufunidwa kwa katundu ndi kupezeka kwake pa msika. Usaloweze za m'buku osazimvetsa, iwe wakulira kunyanja. Mwera ukamaomba mu June ndi July asodzi salowa m'madzi, nsomba zimasowa koma ogula ndi omwe aja, mtengo umakwera. Nyanja ikadekha usipa n'kudzadza pa thandala, mtengo umagwa. Pojambula girafu, mtengo uuike ku mzere woimirira, kuchuluka kwa katundu ku mzere wogona. Iwe wazitembenuza.

Za chiwongoladzanja funsa amayi ako, ndi a banki m'khonde amenewo. K100,000 pa 10 peresenti zaka ziwiri, ikakhala simple interest, yowerengera pa 100,000 yomwe ija chaka chilichonse, yonse ikhala K120,000. Ikakhala compound, chaka choyamba ifika K110,000, ndipo chaka chachiwiri 10 peresenti ija uiwerengera pa 110,000, osati pa 100,000. Yonse ikhala K121,000.

Ndibwererenso ku peresenti kuja, chifukwa ndi kumene kukundidetsa nkhawa. Ukukumbuka November 2023, kwacha itagwa, shuga ndi sopo n'kukwera sabata yomweyo? Reserve Bank inasuntha dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kusiyana kwake ndi 520. Ugawe 520 ndi 1,180, pamene tinayambira, upeza 44 peresenti imene ankanena pa wailesi ija. Ukagawa ndi 1,700 upeza nambala ina. Ndi njira yomwe ija ya mayi wa usipa.

Achemwali, mulipo? Chonde mnyamata wa pa shopu uja asamamulembere mayankho. Pa mayeso a MANEB ochonga amayang'ana njira, mwana akhoza kuphonya yankho koma n'kutola malikisi a sitepe zimene walondola. Ali Fomu 4 uyu, nthawi yatha. Madzulo asamapite kokoka makoka, akhale pansi ndi kope.

Ya kakyuleta nditumiza pa Mukuru ndikalandira, mugule ya scientific, osati timene amagwiritsa ntchito m'magolosale. Iwe Chisomo, funso la 4 ulembe wekha sitepe iliyonse, ujambule poyera chifukwa chithunzi chija chinali chamdima, unditumizire Lachinayi ndisanalowe shifiti ya usiku.