Ati goloboyi sangakhale kochi? Tamvani za Nuno Espírito Santo

Okonda mpira nonse, takulandirani. Lero ndabwera ndi mkwiyo pang'ono. Loweruka ndinali kuvidiyo sho kuonera Premier League, kamera itangoloza Nuno Espírito Santo, mkulu wina kumbuyo kwanga ndiye amvekere: «Ameneyu anali goloboyi, mpira audziwira kuti?» Anthu n'kuseka. Achimwene amene munayankhula zija, vidiyoyi ndi yanu. Enanu dinani kaye sabusikiraibu, kabelu kaja musakaiwale.

Tithamange ndi mbiri yake, masitepe anayi.

Loyamba. Nuno anabadwa mu 1974 ku São Tomé, ku Africa konkuno, n'kukulira ku Portugal. Anayambira ku Vitória de Guimarães, ndipo ndi iyeyu wosewera woyamba amene Jorge Mendes, ejenti wotchuka uja, anamugulitsa. Anapita naye ku Deportivo La Coruña.

Lachiwiri. Mu 2002 analowa Porto, nthawi ya kochi José Mourinho. Pagolo panali Vítor Baía, ndiye Nuno malo ake anali pabenchi. Champions League ya 2004 anaitenga atakhala pansi. Koma mu Disembala chaka chomwecho, pa Intercontinental Cup ndi Once Caldas ya ku Colombia, Baía anatuluka m'nthawi yowonjezera, Nuno n'kulowa, Porto n'kupambana pamapenate 8-7.

Lachitatu. Anapachika magolovesi mu 2010, n'kukhala wophunzitsa magoloboyi pansi pa Jesualdo Ferreira ku Málaga, kenako ku Panathinaikos.

Lachinayi... ayi, lachinayi lidikire kaye. Tiyambe tathana ndi bodza lija.

Bodzali ndikudziwa komwe linachokera. Linachokera kumpira wachikulunga. Magolo a njerwa ziwiri, ma kaputeni asankhana osewera, wotsalira uja, kamwana kakang'ono kapena wonenepa wosatha kuthamanga, ndi amene tinkamuuza kuti «iwe khala pagolo». Tinakula nazo m'mutu zoti pagolo pamakhala munthu wolephera. Ine ndemwe ndinali wotsalirayo, ndiye musandiuze zambiri.

Tsono taganizani. M'bwalo muli anthu 22. Ndani amaona onse nthawi imodzi, popanda wina kumbuyo kwake? Womwetsa zigoli amaona golo ndi otchinga awiri amene amupanikiza. Wapakati mutu umangozungulira ngati wa nkhuku. Goloboyi waima kumbuyo mphindi 90, akuona kuti wakumanja wachedwa kubwerera, akuona mpata ukutseguka mpira usanafike n'komwe, akukuwa, akukonza mpanda pa firikiki. Imeneyo si ntchito ya kochi? Nanga goloboyi wapabenchi ngati Nuno, amene wakhala mamita ochepa kuchokera pomwe Mourinho waima, akumva chilichonse chimene akuuza womuthandiza, akuona chifukwa chomwe wasinthira wosewera? Anzake akutuluka thukuta, iye ali m'kalasi.

Mwina mukuti ndikungolongolola. Chabwino, mayina. Raymond Goethals wa ku Belgium anali goloboyi. Mu 1993 anatenga Champions League ndi Marseille, kuswa AC Milan 1-0 pafainolo. Dino Zoff, amene ananyamula World Cup ya 1982 ali ndi zaka 40, atakhala kochi anapatsa Juventus zikho ziwiri mu 1990, UEFA Cup ndi Coppa Italia. Mu 2000 anafikitsa Italy pafainolo ya Euro, anatsogola mpaka mphindi zowonjezera, Wiltord wa France n'kubweza, Trezeguet n'kumaliza. Stanislav Cherchesov, goloboyi, anatulutsa Spain mu World Cup ya 2018 ndi timu ya Russia imene anthu ankaiseka mpikisano usanayambe.

Ndipo imene imandikomera kwambiri ndi iyi. Ogasiti 2020, kotafainolo ya Europa League, Wolves ndi Sevilla. Benchi iyi Nuno, benchi inayo Julen Lopetegui. Magoloboyi okhaokha! Sevilla inapambana 1-0 ndi chigoli chamutu cha Ocampos kumapeto, n'kupita kukatenga chikhocho poswa Inter 3-2. Achimwene akuvidiyo sho, mudakali pompo?

Funso labwino n'lakuti n'chifukwa chiyani makochi otere ali ochepa. Werengani nokha: timu imalowetsa goloboyi mmodzi, enawo khumi. Ndiye ambiri akasiya kusewera amangokankhidwira kukona ya bwalo, ati kaphunzitseni anzanu kugwira mpira, n'kukalambira komweko. Nuno anakana kukhazikika kukonako.

Tisanapitirize, matisheti a tchanelo chino afika, akuda ndi oyera, ulalo uli mmunsimu. Mukagula ndiye kuti mwatigulira bandulo.

Sitepe lachinayi lija. Mu 2012 anapatsidwa Rio Ave, katimu kakang'ono, ndipo mu 2014 kanafika m'mafainolo awiri a zikho za ku Portugal, onse n'kugonja kwa Benfica. Valencia anaimalizitsa pa nambala 4. Atabwerera ku Porto ngati kochi sanatenge kanthu. Wolves anaipeza mu Championship, ligi yachiwiri ya ku England, mu 2017, anaikweza ndi mapointi 99, kenako nambala 7 mu Premier League zaka ziwiri zotsatizana. Al-Ittihad anaipatsa ligi ya Saudi Arabia mu 2023. Nottingham Forest anaipeza ikulimbana ndi kutuluka mu ligi mu Disembala 2023, sizoni yotsatira inathera pa nambala 7.

Ndaona kale makomenti: nanga Tottenham? Eya, kumeneko zinavuta. Analowa mu Juni 2021, mu Ogasiti anasankhidwa kukhala kochi wabwino wa mwezi, pa 1 Novembala anamuonetsa msewu atakwapulidwa 3-0 ndi Manchester United. Mpira wake wodikira kumbuyo n'kuthawitsa mwadzidzidzi sukoma kwa masapota ofuna timu yawo izilamulira, ndipo nanenso nthawi zina umandigonetsa tulo. Koma Mourinho anachotsedwa pa Tottenham pomwepo miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo sindinamve wina akunena za magolovesi.

Lembani mmunsimu: pa magoloboyi amene anatchingirapo Flames, ndani mungamupatse timu yonse, osati kukona kuja? Ndiwerenga makomenti atatu sabata yamawa, pomwe tikambe za lamulo la 1992 loletsa goloboyi kugwira mpira womubwezera mnzake ndi phazi. Laiki musaiwale.