Bwana wosamwetulira wa m'mabuku achikondi: amatikoka ndi chiyani?

[Kamera ili pa mulu wa mabuku akale m'mbali mwa Cairo Road, Lusaka]

Taonani chikuto ichi. Mwamuna wamtali, malaya osamanga mabatani, nkhope gwa. Mkazi watsamira pachifuwa pake. Amene munadutsa kusukulu yogonera komweko mukulidziwa bukuli, linkazungulira chipinda chonse, kuwerenga kwake kwa tochi m'bulangete. Mills & Boon, kampani yosindikiza mabukuwa, inayambira ku London mu 1908, ndipo mu 1971 inagulidwa ndi Harlequin ya ku Canada. Zikuto zasintha, koma mwamunayo ndi yemwe uja, wandalama, wolamula, wosachulutsa mawu. Lero ali pafoni, pa Wattpad, malo a pa intaneti owerengerapo nkhani, akumutchula "alpha".

Dzinali nalonso lili ndi nkhani yake. Mu 1947 katswiri wa nyama Rudolf Schenkel analemba za mimbulu yotsekeredwa mumpanda ku Basel, ku Switzerland, yomwe inkalimbirana ukulu, ndipo wopambanayo ndiye "alpha". Katswiri wina, David Mech, anafalitsa mawuwo m'buku lake la 1970, koma mu 1999 mwini wakeyo anabweza: kutchire gulu la mimbulu ndi banja basi, ndipo "alpha" uja ndi bambo wa ana, akusaka chakudya limodzi ndi mayi wawo.

[Atsegula buku chakumapeto]

Tsono chokoma chili apa, masamba omalizawa. Munthu amene antchito ake amanjenjemera akangomva nsapato zake wagwada, mawu akumukanika, akupepesa kwa mtsikana amene poyamba sankamuyang'ana n'komwe. Janice Radway, m'kafukufuku amene anatulutsa mu 1984, anacheza ndi amayi okonda mabukuwa ku America. Anapeza kuti iwo ankafuna mwamuna wamphamvu amene m'kupita kwa nkhani amafewa n'kuyamba kusamalira mkaziyo, ndipo mabuku a mwamuna wankhanza zenizeni ankanyansidwa nawo. Amayiwo tsiku lonse amatha akusamalira ena. M'bukumo, kamodzi kokha, wosamalidwayo amakhala iwo.

Ine ndimazimvetsa. Mwaima pamzere wa minibasi ku Kulima Tower, magetsi athima kunyumba, lendi ikudikira, ndiye mukuwerenga za munthu amene amangoti "usadandaule, ndathana nazo." Mtima ungalephere kuzizira?

Koma alongo anga, m'bukumo wolemba anakulonjezani kale kuti mkangowo udzasanduka mphaka pofika tsamba lomaliza, ndipo akakutopetsani mumangotseka buku. Wa ku Chawama kapena ku Kabulonga amene amafufuza foni yanu n'kukuletsani kuona abale alibe wolemba womukonza. Lamulo la Zambia la 2011 lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi limawerengeranso kuzunza m'maganizo ndi kumana ndalama, osati kumenya kokha.

[Atembenukira kwa wogulitsa]

Amalume, ili n'zingati? Likhale lathunthu, lina lija munandigulitsa linalibe tsamba lomaliza.