Makalata a omvera: "Ine ndinangowalitsa tochi chabe"

Moni nonse kulikonse komwe muli, a ku Kapata, a ku Mchini, a ku Navutika, a ku Katete mpaka ku Lundazi uko, osaiwala inu a kutsidya kwa Mwami amene mumatigwira muli pa Mchinji. Ambiri mwadandaula kuti malaiti anapita pulogalamu ili pakati, ndiye makalata a sabata ino ndawalemba pano monga momwe ndinawayankhira pa wailesi. Maina sinditchula, lamulo lathu mukulidziwa kale.

Tiyambe ndi amai a ku Sinda amene akufunsa ngati kupha nkhuku ya alendo pa Sande ndi kuswa lamulo lakuti usaphe. Amai, thirani madzi otentha nkhukuyo musosole, alendo asabwerere ndi njala. Lamulo la pa Eksodo 20:13 likunena za moyo wa munthu mnzanu, za nyama Mulungu anamuuza kale Nowa pa Genesis 9:3 kuti azidya. Mukatsala ka chiwalo mukumbukire ana, osati zonse kwa atate awo.

Manje pali kalata iyi yochokera kumudzi wina m'boma la Chadiza, yolembedwa pa pepala long'amba m'kope, ndiiwerenga yonse.

"Akulu, ine ndine mnyamata wa zaka 27, ndimayimba kwaya kutchalitchi kwathu. Mwezi watha usiku tinamva mfuu kuti wakuba wakuba, ng'ombe ziwiri za pagoli za amalume zinali zitatulutsidwa m'khola. Tinathamanga mudzi wonse, kudambo tinapeza munthu wachilendo ali ndi chingwe m'manja koma ng'ombe palibe. Anthu anayamba kumumenya ndi mipini ya makasu ndi njerwa. Ine sindinamumenye olo kamodzi, ndinangowalitsa tochi ya pa foni chabe kuti anthu aziona. Anapempha madzi palibe anamupatsa. Pofika m'mawa anali atatsirizika, patapata yake imodzi inakhala pamenepo masiku angapo palibe woitola. Ng'ombe zinapezeka tsiku lotsatira zili zokha m'munda wa eni, ndiye sitidziwa ngati anali iye kapena ai. Kumudzi tinapangana kuti akapokola (apolisi) akafunsa tonse tinene kuti tinali m'tulo. Manje ine tulo sindikutiona, ndikaima kutsogolo kuti ndiyimbe mawu sakutuluka. Anzanga akuti ndilibe mlandu popeza dzanja langa silinamukhudze, komanso wakuba ndi wakuba. Kodi pamaso pa Mulungu ndine wakupha?"

Mphwanga, zikomo kuti mwalemba. Pa anthu onse amene anali kudambo kuja usiku umenewo, amene watenga bolopeni ndinu, ndipo kusowa tulo kwanuko musakuone ngati matenda, ndi chikumbumtima chimene chikadali chamoyo.

Za ng'ombe ndisazipeputse ai. Amene sanalimepo sangamvetse kuti ng'ombe ziwiri za pagoli ndi chiyani pakhomo, ndi munda wa chimanga, ndi ngolo yotutira nshawa, ndi fizi ya mwana wa ku sekondale, ndi chothawira pakagwa maliro. Zikapita mvula ili pafupi banja lonse lagona ndi njala chaka chimenecho. Mkwiyo wa amalume anu ndikuumva ndipo Baibulo silinena kuti wakuba azisekereredwa. Koma tatsegulani Eksodo 22:1 muone chilango chimene Mulungu anaika pa wakuba ng'ombe, akuti alipe ng'ombe 5 pa ng'ombe imodzi, nkhosa 4 pa nkhosa imodzi. Kulipa, osati kufa. Ndipo awa ndi malamulo a Mose amene timati anali okhwima aja. Ngakhale pa mlandu wakupha weniweni, Numeri 35:30 akuti munthu asaphedwe pa umboni wa munthu m'modzi, ndipo m'chaputala chomwecho Mulungu analamula kuti pakhale midzi 6 yothawirako kuti amene wapha mnzake mwangozi asagwidwe ndi abale okwiya mlandu usanazengedwe. Ndiye kudambo kwanu kuja mboni inali ndani? Chingwe? Mlimi aliyense wa kuno amayenda ndi chingwe, mwina munthu uja nayenso amasaka mbuzi yake yosochera, mwina anabadi, palibe amene adzadziwe chifukwa amene akanayankha munamutseka pakamwa mpaka kalekale.

Tsopano za tochi. Anzanuwo akukunamizani mphwanga, ndipo mumtima mwanu mukudziwa ndi chifukwa chake mwalemba. Pamene Stefano ankaponyedwa miyala pa Machitidwe 7:58, panali mnyamata wina dzina lake Saulo amene sanatole mwala olo umodzi, iye anangosunga zovala za oponyawo kuti manja awo amasuke. Patapita zaka, ali Paulo mtumwi, sananene kuti ine ndinali wongoonerera, pa Machitidwe 22:20 akuvomera yekha pamaso pa Ambuye kuti ndinali pomwepo, ndinavomereza, ndinasunga zovala za omupha. Mumdima uja njerwa ikanaphonya, tochi yanu ndi imene inkaonetsa pomwe pali mutu. Ndiye mwandifunsa mosabisa nane ndiyankha mosabisa, magazi a munthu uja gawo lina lili pa inu, pamodzi ndi wokuwa uja, wotola njerwa uja, ndi amene anamva akupempha madzi n'kuyang'ana kumbali. Eksodo 23:2 akuti usatsate unyinji wa anthu pochita choipa. Tikakhala 50 timaganiza kuti mlandu wagawika pa 50 aliyense watenga kachidutswa kosaoneka, koma Mulungu amafunsa munthu m'modzi m'modzi monga anamufunsira Kaini kuti m'bale wako ali kuti.

Koma nkhani ya Saulo sinathere pa zovala zija, ndipo yanunso isathere pa tochi. Mose anapha Mwiguputo n'kumukwirira mumchenga, Davide anapangira Uriya chiwembu cha imfa, onsewa Mulungu anawakhululukira atasweka mtima, ngakhale zotsatira zake sizinawasiye. Chimene sichingatheke ndi kupempha chikhululuko uku mukusunga pangano la bodza lija lakuti tonse tinali m'tulo. Pitani kwa abusa anu kapena mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira mumuuze zonse monga mwandiuzira ine. Kenaka mufunse nzeru kwa a Legal Aid Board, thandizo lawo ndi la anthu amene alibe ndalama za loya, chifukwa sindikufuna kukunyengani, lamulo la dziko lino la Zambia limawerengera wothandizira pamodzi ndi wochita, ndipo kunena zoona kungakudyereni zambiri, kumudzi angakudeni, amalume angakukaneni. Koma akuluakulu anati mlandu suwola. Komanso kwinakwake kuli amai amene mpaka lero sadziwa kuti mwana wawo anafa bwanji, ayenera kumva zoona.

Mundilole ndikhalepo pang'ono apa chifukwa makalata otere akuchuluka, mwezi uno wokha ena achokera ku Petauke, ena ku Vubwi, nkhani yake yomweyi, tamugwira tamumaliza. Kodi tayiwala za 2020? Mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba zinayambira ku Chingola kumapeto kwa 2019, pofika February zinali zitafalikira dziko lonse, anthu osagona, milonda usiku wonse ndi zikwanje, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu okwiya, ena kuwotchedwa amoyo, ena anali alendo chabe osadziwa njira, ena odwala misala. Chitsiru chinaomba ng'oma ochenjera navina. Ndipo amene anavinawo sanali achikunja ochokera kutali, tinali ife tomwe a mayunifomu a chigwirizano ndi a kwaya, m'dziko limene a Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti ndi la Chikhristu, mawu amene analowa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1996. Chilengezo chili pa pepala koma mtima wa munthu sunasinthe ndi pepala. Kupha koyamba m'Baibulo sikunachitikire kumowa, Kaini anapha Abele nkhani yake itayambira pa nsembe, onse awiri anali atapita kukapembedza. Mulungu anamuchenjeza pa Genesis 4:7 kuti tchimo lakubisalira pakhomo, uligonjetse, iye sanamve. Mibadwo ingapo kutsogolo mdzukulu wake Lameki akudzitama kwa akazi ake kuti wapha munthu chifukwa chongomuvulaza, ndipo pofika nthawi ya Nowa akuti dziko linali litadzaza chiwawa. Yesu pa Marko 7:21 ananena kuti zakupha zimachokera m'kati, mumtima mwa munthu, ndipo pa Mateyu 5:21-22 anaika wokwiyira m'bale wake ndi womunyoza pa mzere womwewo wa mlandu. Tikamati ine sindingaphe munthu, tizifunsa kuti nanga uja timamufunira zoipa chifukwa cha malire a munda, uja sitinamupatse moni kuyambira pa maliro a ambuya? 1 Yohane 3:15 akuti wodana ndi m'bale wake ndi wakupha. Mpini wa khasu umangomalizitsa zomwe zakhala zikuphikidwa mumtima zaka zambiri.

Ndipo inu achinyamata a mafoni, munthu akumenyedwa inu muli kujambula vidiyo kuti mukhale oyamba kuika pa Facebook ndi pa WhatsApp, ena n'kumalemba pansi pake kuti wachita bwino aphedwe. Lekani zimenezo chonde. Foni yomweyo imayimba 991, nambala ya polisi.

Atate a ku Nyimba alemba mokwiya ndithu, akuti boma linachotsa chingwe ndiye zigawenga sizikuopa, nanga Genesis 9:6 sakuti wokhetsa magazi a munthu nayenso ake akhetsedwe? Atate, ndi zoona chilango cha imfa chinathetsedwa mu December 2022 a Hichilema atasaina lamulo, ngakhale kunyonga kwenikweni kunali kutaleka kale, komaliza kunachitika mu 1997 ndipo a Mwanawasa anakanitsitsa kusaina zikalata zonyongera. Wopezeka ndi mlandu wakupha tsopano angathe kukhala m'ndende moyo wake wonse, ku Mukobeko ku Kabwe si kumalo ochezera. Akhristu amasiyana maganizo pa nkhaniyi, ine ndili kumbali yakuti munthu asiyidwe ndi mpweya wolapira, poti ngakhale Kaini Mulungu anamuika chizindikiro kuti wina asamuphe. Koma olo inu muli kumbali inayo, Aroma 13:4 lupanga akulipereka kwa wolamulira osati kwa gulu la kudambo, ndipo vesi yanu yomweyo ya Genesis 9:6 mukaimaliza ikupereka chifukwa, kuti munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Wakuba nayenso ali m'chifaniziro chomwecho. Dandaulo lanu lakuti ogwidwa amabwerako msanga ndalimva, koma nthawi zambiri mlandu umagwa chifukwa tsiku la khoti mboni zonse zili kumunda.

Mtsikana wa ku Mambwe akuti ambuya ake anapezeka usiku pakhomo la eni ali osavala bwino ndipo anthu akuti ndi mfiti, akuwopseza kuti awotcha nyumba. Mwana wanga, ukalamba uli ndi matenda oiwala, munthu amadzuka usiku osadziwa komwe ali, atengereni kuchipatala. Ndipo mukadziwitse amfumu ndi akapokola lero lomwe osati mawa, kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa malamulo a Zambia.

Amai ena a ku Katete akuti amuna awo ndi mkulu wa mpingo koma akabwera kunyumba ndi makofi, sabata yatha anawakanyanga pakhosi, ndipo alangizi akuti pirirani banja ndi kupirira. Amai, kukanyangidwa pakhosi si nkhani yopirira, maliro ambiri a azimai anayamba chonchi. Pitani ku Victim Support Unit ku polisi kapena imbani 933 ndi yaulere, lamulo loteteza ochitiridwa nkhanza m'banja lilipo kuyambira 2011, ndipo mukagone kwa abale anu mpaka nkhaniyi ikambidwe ndi anthu oyenera. Inu alangizi ndikukulemekezani, ntchito yanu ndi yaikulu, koma mawu akuti pirira musamauze munthu amene moyo wake uli pangozi. Ndipo atate mkulu wa mpingo ngati mukumva, 1 Timoteo 3:3 akuti woyang'anira mpingo asakhale wandewu, yambani mwatula udindowo mukafune thandizo.

Mnyamata wa pa njinga yamoto wa ku Kapata akufunsa ngati ndi tchimo kuyenda ndi mpeni podziteteza poti anzake ena anaphedwa ndi anthu onamizira kukhala makasitomala. Kudziteteza si tchimo mphwanga, koma mpeni m'thumba umatuluka msanga pa mkangano wa chenji kuposa pa chigawenga. Bwino muzikana maulendo a usiku opita kumalo osadziwika ndipo muziuzana pa siteshoni kuti ndanyamula munthu ndikupita kwakuti.

Makalata otsala, a malire a minda ndi aja a chuma cha masiye, ndawasunga sindinawataye. Sabata ya mawa tikambirana za kuba ng'ombe kwenikweniko, kuika zizindikiro pa ziweto, makalata oyendetsera ng'ombe ndi zoyenera kuchita mukagwira munthu usiku polisi ili kutali, ndiye amfumu, manduna ndi alimi tumizani mafunso anu lisanafike Lachinayi.