Makalata a Omvera: Koleji ya ku America Ikabweza Ndalama za Boma, Ngongole Imagwera Yani?

Moni nonse omvera athu, a kuno kumudzi ndi inu amene muli kunja. Makalata a lero akukhudza thandizo la ndalama za sukulu lomwe boma la America limapereka kwa ophunzira a m'makoleji. Amalawi amene ali ndi green card kumeneko, komanso ana awo obadwira komweko, amalemba fomu yopemphera thandizoli yotchedwa FAFSA n'kulandira Pell Grant, yomwe ndi mphatso osati ngongole, kapena ngongole ya boma ya Direct Loan. Tiyambe ndi kalata ya mayi wina wa ku Indiana.

"Zikomo achimwene chifukwa cha pulogalamuyi. Mwana wanga anasiya makalasi pakati pa semesita chifukwa cha matenda. Fizi yonse inali italipiridwa kale ndi thandizo la boma. Pano koleji yatitumizira bilu. Zikutheka bwanji kuti fizi yolipiridwa kale isandukenso ngongole?"

Pepani mayi ndi matendawo. Koleji sinakubereni, ikutsata lamulo lobwezera ndalama ku boma wophunzira akasiya sukulu, lomwe m'maofesi mwawo amangolitchula kuti R2T4. Ndalama za boma zimafika kumayambiriro kwa semesita, koma zimasanduka za wophunzira pang'onopang'ono malinga ndi masiku amene wakhala akuphunzira. Amawerenga masiku onse a pa kalendala, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kupatula tchuthi cha masiku asanu kapena kuposerapo otsatizana.

Tiyerekeze kuti semesita ili ndi masiku 110 ndipo mwana wasiya pa tsiku la 33. Ndiye kuti waphunzira 30 peresenti. Ngati thandizo linali madola 5,000, ake ndi 1,500 basi, ndipo 3,500 ayenera kubwerera ku boma. Gawo lomwe koleji imabweza yokha amalipeza potenga 70 peresenti yotsalayo pa fizi. Fizi ikakhala 4,000, koleji imabweza 2,800, ndipo iyenera kutero pasanathe masiku 45 kuchokera pomwe yadziwa kuti mwana wasiya. Ikabweza, pa akaunti ya mwanayo pamatsala dzenje la 2,800, n'chifukwa chake bilu yakupezani. Madola 700 otsalawo ali m'manja mwa wophunzira. Akakhala a ngongole amawabweza pa nthawi yake monga mwa pangano, akakhala a Pell lamulo limamuchotserako ndithu, mwina osabweza n'komwe. Pobweza koleji imayambira ngongole ya unsubsidized (yomwe chiwongoladzanja chake n'cha wophunzira), kenako ya subsidized (yomwe boma limalipira chiwongoladzanja munthu ali pa sukulu), kenako PLUS (monga yomwe makolo amatengera mwana), Pell n'kubwera pambuyo, kotero ngongole ya mwana wanu ku boma yatsikako ngakhale kuti ya ku koleji yakwera.

Chomvetsa chisoni n'choti akanapitirira 60 peresenti ya semesita, m'chitsanzo chathu tsiku la 67, ndalama zonse zikanakhala zake.

Muchite izi mayi. Pemphani ofesi ya financial aid, yoona za thandizo la ndalama pa kolejipo, ikupatseni pepala lomwe anawerengerapo, muone tsiku limene alemba kuti mwana anasiya. Likakhala lolakwika, kagwireni umboni wa mayeso kapena ntchito yomaliza imene anapereka. Kenako funsani ngati koleji ili ndi njira yodandaulira fizi chifukwa cha matenda, mutenge kalata ya adokotala. Zimenezo ndi za koleji payokha, boma sililowererapo, ndipo makoleji amasiyana.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo amene akuti amagwira ntchito mu ofesi yoteroyo ku Texas, ndipo atithandiza kwambiri.

"Muwauze omvera kuti vuto lalikulu ndi ana ongosowa osatsanzika. Semesita ikatha tikaona wophunzira ali ndi ma F okhaokha, kutanthauza kulephera makalasi onse, lamulo limatikakamiza kufufuza ngati analephera atayesetsa kapena anangosiya kubwera. Tili ndi masiku 30 semesita itatha kuti tigamule. Timafunsa aphunzitsi tsiku lomaliza limene anachitapo kanthu. Pa makalasi a pa intaneti, kungolowa pa webusaiti sikuwerengedwa, pamafunika kupereka ntchito, kulemba mayeso kapena kuyankha nawo zokambirana za phunzirolo. Umboni ukasowa, koleji yomwe siitana mayina m'kalasi imaloledwa kungotenga pakatikati pa semesita, 50 peresenti, ndipo theka la thandizo limabwerera. Sitichita izi chifukwa cha nkhanza. Chaka chilichonse kumabwera ofufuza mabuku, amatola mafayilo a ophunzira angapo n'kuwerenga masiku. Koleji yomwe si yaboma ikapezeka kuti inachedwa kubweza pa mafayilo 5 peresenti kapena kuposa, imauzidwa kuti ipereke chikole cha ku banki chokwana 25 peresenti ya ndalama zomwe inayenera kubweza chaka chathacho."

Zikomo bambo. Ndiwonjezere kamodzi kokha. Makalasi osiyidwa komanso ma F amawerengedwanso pa muyeso wotchedwa SAP, woona ngati wophunzira akupita chitsogolo. Makoleji ambiri amafuna avereji ya magiredi (GPA) ya 2.0 ndi kukhoza pafupifupi 67 peresenti ya makalasi onse amene munthu analembetsa. Wogwa pamenepo thandizo likhoza kuima, koma kawirikawiri pamakhala mwayi wochita apilo ngati panali matenda kapena maliro.

Yachitatu ndi ya mtsikana wa ku Maryland. "Ndidakali pa sukulu, ndinangosintha koleji, koma kampani yotolera ngongole yandilembera kuti ndiyambe kulipira. Ndimadziwa kuti munthu amayamba akamaliza maphunziro. Alakwitsa ndani?"

Achemwali, apa nkhani yagona pa nkhokwe ya boma yotchedwa NSLDS. Koleji iliyonse yolandira ndalamazi iyenera kunena kumeneko, osapitirira masiku 60 aliwonse, kuti wophunzira aliyense ali pati: akuphunzira mokwanira, watsika kufika theka, watsika kuposa theka, wasiya kapena wamaliza. Makoleji ambiri amatumiza uthengawu kudzera ku bungwe lotchedwa National Student Clearinghouse. Wotolera ngongole sakuonani m'kalasi, amangokhulupirira zimene zalembedwa m'nkhokwemo. Koleji yakale inanena kuti mwachoka, zomwe n'zoona. Ngati yatsopano yachedwa kunena kuti mwafika, kapena dzina, tsiku lobadwa kapena nambala ya Social Security sizikugwirizana ndi zomwe boma lili nazo, kompyuta imakuonani ngati munthu amene anasiya sukulu. Mayina athu aataliwa akalakwitsidwa chilembo chimodzi, zimachitika ndithu.

Koma dziyeseninso nokha. Miyezi isanu ndi umodzi yopumira musanayambe kulipira imayamba kuwerengedwa mukangotsika pansi pa theka, lomwe m'makoleji ambiri ndi makirediti 6 (muyeso wa kuchuluka kwa makalasi) pa digiri yoyamba. Ngati munasiyako kalasi imodzi n'kutsala ndi makirediti 3, wotolerayo sanalakwe. Ndipo miyeziyo ikatha yonse siibweranso pa ngongole imeneyo. Mukabwerera ku sukulu angakuimitsireni kulipira, koma tsiku lomwe mwamaliza, mwezi wotsatira bilu ili pakhomo.

Lowani pa studentaid.gov muone chimene chalembedwa pa dzina lanu. Chikakhala cholakwika pitani kwa registrar, ofesi yosunga kaundula wa ophunzira pa koleji, chifukwa nthawi zambiri ndiwo amatumiza uthengawo. Akudindireni fomu ya in-school deferment, yoimitsira kulipira mukadali pa sukulu, muitumize kwa wotolerayo. Pakadali pano musangokhala chete n'kunyalanyaza makalata awo, chifukwa pakatha masiku 90 osalipira amakanena ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, ndipo pa masiku 270 mumalembedwa kuti mwalephereratu.

Tatsala ndi nthawi yochepa, koma tiwayankhe abambo a ku Mzuzu amene mwana wawo wapeza malo ku koleji ina ku America. Akufunsa ngati naye angalembe FAFSA, ndiponso angadziwe bwanji kuti kolejiyo njodalirika. Wolowa ndi viza ya ophunzira ya F-1 salandira Pell kapena Direct Loan, bambo. Zimenezi ndi za nzika, a green card, othawa kwawo ovomerezeka ndi magulu ena ochepa. Wanuyo afunse za thandizo la koleji yeniyeniyo. Komabe malipoti omwe makoleji amapereka ku bomawa angakuthandizeni. Pa webusaiti ya boma ya College Scorecard mungaone kuchuluka kwa omaliza maphunziro ndi ngongole zomwe amatuluka nazo. Unduna wa zamaphunziro wa ku America umatulutsanso mndandanda wa makoleji omwe ukuwayang'anitsitsa pa zachuma, wotchedwa Heightened Cash Monitoring. Corinthian Colleges inali itaikidwa pamenepo isanatseke mu 2015, chimodzimodzi ITT Technical Institute isanatseke mu 2016, ophunzira n'kutsala padzuwa. Musanatumize ndalama ya dipoziti, yang'anani ngati dzina la kolejiyo lilipo.