Vanishi wakale pa thabwa la mfuti: nkhani ya pamsonkhano wa amisiri ku Chinamwali

Zikomo atcheya, zikomo amisiri anzanga. Akumbuyoko mukundimva? Sendezani mabenchiwo kuno, izi n'zofuna kuona ndi maso.

Chimene ndagwirachi ndi thabwa la mfuti, mbali ija imene munthu amatsamiritsa paphewa, ndipo lero tiona kachotsedwe ka vanishi wakale pathabwali. Chitsulo chake palibe, ndipo si mwangozi. Wina akabwera ndi mfuti yathunthu pashedi panu, mubwezeni. Kusunga mfuti kumafuna chiphaso cha boma, ndipo inu mulibe. Mwiniwake akamasule kwawo, akubweretsereni thabwa lokha.

Ife a ku Zomba mbiri ya mfuti sititalikirana nayo. Cobbe Barracks ili pomwepa, chipilala cha asilikali a King's African Rifles timachidutsa tsiku ndi tsiku. Gulu limenelo linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija asilikali a Britain ankanyamula Lee-Enfield ya .303. Matabwa a mfuti zimenezo ankasema ku mitengo yakunja, walnut ndi beech, ndipo ku fakitale sankapaka vanishi ayi, ankangomwetsa mafuta a linseed. Ndiye mukaona thabwa lakale lili phuliphuli, kwinaku likusendeka ngati khungu la njoka, dziwani kuti pali munthu amene anadzapaka pambuyo pake. Chimene mukuchotsa ndi chimenecho basi.

Vuto lathu ife akalipentala, dzanja limathamangira sandipepala. Pachitseko cha paini wa kuphiriku palibe kanthu, thabwa ndi lonenepa. Koma ili analisema moyeza kuti ligwirane ndi chitsulo. Mukalipala kwambiri, pobwezera mupeza chitsulo chatumphukira pamwamba, m'mbali muli mipata, ndipo zidindo zimene zinali pathabwapo zapita. Mwini wake amadziwira mbiri ya mfuti yake pazidindo zomwezo. Sandipepala abwere kumapeto.

Poyamba fufuzani kuti anapaka chiyani. Sankhani malo obisika, donthezani sipiriti wofiirira uja wa m'mahadiweya. Pakayamba kunanda, ndi mtundu wa vanishi wotchedwa shellac, ndipo sipiriti yemweyo ndi kansalu amaliza ntchito. Pakapanda kusintha yesani thina, mankhwala osungunulira penti aja. Mtundu wina wotchedwa lacquer umasungunuka ndi thina. Zonse ziwiri zikakanika ndiye kuti ndi vanishi weniweni kapena polyurethane, amene amafuna mankhwala ochotsera penti, paint remover.

Mankhwalawa pakani mochindikala ndi bulashi, kenako asiyeni. Musawasisite. Pakatha mphindi 10 kapena 15, malinga ndi zimene zalembedwa pachitini, vanishi amachita makwinya, amatukusira. Apo m'pomwe mumapala, motsatira mmene mizere ya mtengo yayendera, osati mopingasa. Ine ndimapalira kapulasitiki kolimba. Ndikudziwa ambirife tinakulira kupala ndi chidutswa cha galasi, ndipo chimagwira bwino, koma galasi likangophonya limasiya mzere wakuya. Gwirirani ntchitoyi panja, pamthunzi, mutavala magolovesi ndi magalasi otchinga maso. Mankhwala ambiri oterewa ali ndi methylene chloride, fungo lake m'chipinda chotseka limatha kukomola munthu. Thina nayenso amayaka msanga, ndiye mbaula ndi fodya zikhale kutali.

Bambo apo akweza dzanja. Akufunsa za soda wopangira sopo uja, kuti ndi wotchipa. Eee bambo, ndi wotchipadi, ndipo ine ndinapsa naye kale. Ndili mnyamata ndinaviika thabwa la mkulu wina m'beseni la soda ameneyu usiku wonse. M'mawa vanishi anachokadi, koma thabwa linada bii, linachita ubweya, ndipo litauma linang'aluka chakumapeto. Ndinapita kukapepesa mutu uli pansi, ndalama ya ntchito sindinaitchule n'komwe. Musaviike thabwa limeneli m'madzi amtundu uliwonse.

Onani apa pogwirira, pali timizere topingasana tosemedwa kuti dzanja lisaterereke. Mfuti zosakira nyama zambiri zili nato. Pamenepa sandipepala asafikepo ngakhale pang'ono. Pakani mankhwala, tsukani ndi mswachi wakale, bwerezani kawiri katatu mpaka timizere tiyere.

Vanishi akachoka mumaona mabala a thabwa. Pali pobonyoka, pamene linagunda mwala, ndipo pali podulika. Pobonyoka pamadzuka. Nyowetsani kansalu, kayaleni pamalopo, sindikizani simbi yamoto kwa kamphindi. Nthunzi imalowa, mtengo umafufuma n'kubwerera m'malo. Simbi yamakala yomwe amayi amasitira kunyumba imakwanira. Podulika sipabwerera, ndipo ine ndimapasiya choncho, thabwa la zaka 80 lisamaoneke ngati lagulidwa dzulo. Pafupi ndi pamene pamakhala chitsulo nthawi zambiri pamakhala pakuda ndi oyilo wa mfuti amene analowerera. Liikeni pofunda, oyilo azituluka ngati thukuta, inu muzipukuta ndi thina. Izi zimatenga masiku.

Tsopano ndiye sandipepala, thabwa litauma gwa. Kuno kwathu nthawi ya dzinja, kapena nkhungu ikatsika m'phirimu mwezi wa June, lipatseni masiku awiri kapena atatu. Yambani ndi wa nambala 220, malizani ndi wa 320. Wokhakhala uja wa 80 musiyireni zitseko. Kulungani pepalalo pakathabwa kosalala kuti m'mphepete musabulungike.

Pomaliza ine ndimabwezera mafuta a linseed, aja olembedwa kuti boiled. Madontho ochepa pachikhato, kusisita mpaka dzanja litenthe, kupukuta otsala, n'kudikira tsiku lathunthu musanapakenso. Mukathira ambiri thabwa limanata sabata yonse. Ndipo nsanza zamafuta amenewa musaziunjike pakona, zimatentha zokha mpaka kuyaka, pashedi pomwe pali utuchi ndi zometa za puleni. Ziyanikeni chotambasula pansi kapena ziponyeni m'ndowa ya madzi.

Ndabweretsa miyendo inayi ya mpando wakale wa mbawa, yonse ili ndi vanishi. Gawanani anthu atatuatatu. Achimwene a malaya ofiirawo, tengani botolo la sipiritilo, muyambe ndinu kudontheza.